Golide Pamwamba, Mkuwa M'kati

M'dziko la Tilipamodzi simunamangidwepo munthu chifukwa cha zonena zake. Izi n'zoona, ndipo alendo akabwera akuluakulu a boma amazinena atatukumula chifuwa. Zimene zimamangidwa kumeneko ndi zipangizo. Sikelo imene inaonetsa kuti Mfumu Sindilakwa Wachiwiri yanenepa ili ku Nyumba ya Mpumulo. Wotchi ya pabwalo la ndege, imene inapitiriza kuyenda Mfumu isanafike, ili komweko. Koma popeza chipangizo sichingadzipukute chokha fumbi, lamulo limati mwini wake aimirire m'khothi, achinyamule, apite nacho, azikachisamalira mpaka chitalapa. Munthuyo sanamangidwe ayi, ndi mlezi chabe. Kungoti chitseko amachikhoma kunja, kuopa kuti chipangizocho chingathawe.

Dokotala Ndaziona Kamtedza ankaidziwa bwino nyumba imeneyi. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ankapita kukaona mphunzitsi wake wakale, a Pulofesa Kachingwe, amene ankalera choyezera mvula. Choyezeracho chinapezeka ndi madzi pa tsiku lobadwa la Mfumu, boma litalengeza kale kuti tsikulo kuwala dzuwa. Zaka zinadutsa, choyezeracho osalapa. A Pulofesa mano anayamba kuguluka, jekete n'kuyamba kuwakulira, koma m'mabuku a boma anali mfulu ngati wina aliyense.

Chimene chinkamuwawa Ndaziona akamatuluka pachipata sichinali njala ya m'menemo kapena nsikidzi. Chinali chikwangwani cholembedwa kuti ANA SALOLEDWA, MUNO NDI MWA ZIPANGIZO. Iye anali ndi mwana mmodzi, Mwatitha, amene anali atangoyamba kulumikiza mawu. Bambo wa mwanayo anapita kunja kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Motero Ndaziona ankadziwa kuti tsiku limene kompyuta yake idzalakwe, iye adzalowa pachipata chija ndipo Mwatitha adzatsala panja. Kompyutayo ankaikonda, koma ankaiyang'ana ngati galu wake amene sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mlendo wolemekezeka.

Udokotala wake sunali wa odwala, unali wa zitsulo. Ankaphunzira tinjere ta chitsulo tating'ono kwambiri, toti ngakhale galasi lokulitsa zinthu la kuchipatala silingatione. Kanjere kamodzi kamakhala ndi maatomu mazana angapo, ndipo maatomu ndi timibulu tosaoneka timene chinthu chilichonse chinapangidwa nato. Popeza palibe munthu angalowe m'kanjere kotere kukaona zochitika, Ndaziona ankayerekezera pa kompyuta. Ankaiuza momwe atomu aliyense amakokera mnzake, n'kuwathira onse pamodzi ngati nyemba m'lichero, kuwatenthetsa pang'ono kuti agwedezeke, kenaka n'kudikira kuti aone pamene aliyense akhazikike. Inali ntchito ya phee, yosakhudza ndale, ndipo anaisankha dala chifukwa chimenecho.

Ndale zinamutsatira komweko chaka chimene Mfumu inkakondwerera kuti yakhalitsa pampando.

Bwalo la nduna ku Tilipamodzi lili ndi mwambo wake. Mlengezi wa kunyumba yachifumu, mkulu wina wamawu ngati ng'oma, amafuula maina aulemu a Mfumu mwandondomeko yake: "Mwini Nthaka! Mwini Madzi! Mwini Mpweya! Mwini Mthunzi wa Mitengo Yonse! Sindilakwa Wachiwiri!" Dzina lomalizali likamveka Mfumu imaimirira, anthu n'kuwomba m'manja mpaka iyo itakhuta. Zinkachitika chomwechi kangapo pa tsiku, moti miyendo ya Mfumu inkaimirira yokha osadikira mutu.

Tsiku lina chaka chimenecho Mfumu itakhuta inakhala pansi n'kulengeza maganizo ake. Pakati pa msika wa Tilinazo padzaimikidwa chiboliboli chake, ndipo chidzapakidwa Utoto wa Umodzi, wopangidwa ndi tinjere ta golide wosakaniza ndi mkuwa. Golide adzaimira banja lachifumu. Mkuwa udzaimira anthu wamba, popeza ndiwo amaukumba ku mgodi wa Kumbanibe. M'kanjere kalikonse mudzakhala theka golide, theka mkuwa. Nduna ya Zoona Zovomerezeka, a Zomwezo, inaimirira n'kunena kuti kumeneku ndi kudzichepetsa kosaneneka, poona kuti banja lonse lachifumu limakwana m'mabasi awiri. Nduna zina zinapukuta misozi.

A Zomwezo ndiwo anabweretsa lamulolo ku ofesi ya Ndaziona. Anali munthu wosalala nkhope, wonunkhira mafuta, wodziwa kuima patali ndi chipangizo chilichonse chomwe chayaka.

"Adokotala," anatero ali pakhomo, "Mfumu ikufuna chithunzi choyenda. Anthu aone ndi maso awo golide ndi mkuwa zikusakanikirana mwachikondi. Mawu athu a chaka chino ndi akuti Tonse Tasakanikirana. Kompyuta yanuyo ivomereze basi."

"Olemekezeka, kompyutayi siyivomereza kapena kukana. Imangowerengetsa."

"Iwerengetse movomereza," anatero a Zomwezo, n'kumapita.

Ndaziona anayamba ntchito, magetsi akalola. Pagalasi la kompyuta golide anamupatsa mtundu wachikasu, mkuwa wofiira. Anasakaniza bwinobwino mpaka kanjere kanaoneka ngati chitenje cha madontho. Anatenthetsa. Timibulu tinayamba kunjenjemera, kusuntha, kusinthana malo. Pang'onopang'ono tachikasu tinayamba kutulukira kunja, kamodzikamodzi, mopanda manyazi, mpaka kunja konse kunali chikasu chokhachokha. Atadula kanjereko pakati kuti aone m'kati, anapeza mkuwa uli thithithi, wapanikizana, wanyamula golide yense pamutu.

Anayambiranso. Anaika golide yense pakati penipeni n'kumuzinga ndi mkuwa; golide anatuluka. Anachepetsa kutentha; golide anatuluka mochedwa, koma anatuluka. Anakulitsa kanjere, anakachepetsa, anakapanga kobulungira, anakapanga kamakona. Magetsi akathima ankapemphera kuti akabwera kompyuta ikhale itasintha maganizo. Siinasinthe.

A Zomwezo atabweranso anasuzumira pagalasi ali chapatali, manja ali kumbuyo.

"Zachikasuzo zikupita kuti?"

"Pamwamba, Olemekezeka."

"Mwazituma ndinu?"

"Ayi. Zikupita zokha."

"Ine sindinaone kanthu," anatero a Zomwezo. "Ndinangodutsa. Mawa m'mawa mubwere nayo kwa Mfumu, mudzaionetse nokha. Ndipo Adokotala, mutenge ndi bulangete."

M'mawa mwake Ndaziona anadzera ku msika wa Tilinazo, kompyuta ili m'chikwama, mwana ali kumsana. Anaima pa benchi la a Nangondo, mayi wogulitsa tomato amene ankakhala naye mpanda umodzi. Anamasula mwana, n'kumupereka pamodzi ndi kathumba ka zovala zake.

"Amake Mwatitha, kathumbaka n'kolemera kuposa ka tsiku limodzi," anatero a Nangondo.

"Kompyuta yalankhula zosayenera."

"Yatukwana?"

"Yati golide amakhala pamwamba, mkuwa pansi."

A Nangondo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mpaka sukulu zonse zija kuti mudziwe zimenezi? Bwenzi mutangondifunsa." Koma anamulandira mwanayo ndi manja awiri, ndipo Ndaziona atatembenuka anamva akumuimbira kuti asalire.

Kunyumba yachifumu mlengezi anafuula, Mfumu inaimirira, manja anawombedwa. Ndaziona anagwada, anayatsa kompyuta, n'kuyang'ana pansi. Nduna zonse zinayang'ana nkhope ya Mfumu kuti zidziwe chimene zikuona.

Mfumu inaonera mpaka kumapeto, n'kupempha kuti abwereze.

"Mayi, golideyu wamukweza ndani?"

"Palibe, Mbuyanga. Amakwera yekha."

"Ngakhale mutamukwirira pansi pa mkuwa?"

"Ngakhale nditamukwirira, Mbuyanga."

Mfumu inamenya ntchafu yake n'kuseka chikhakhali. "Mwamva inu? Anthu amati tinakwera ndi mfuti za agogo anga. Onani! Ngakhale tinthu tosaoneka tikudziwa malo athu. Zomwezo, bwanji sunandiuze msanga?"

"Ndimafuna muone nokha, Mbuyanga," anatero a Zomwezo. "Ine ndinalira nditaziona."

"Nanga chimamukweza n'chiyani?" Mfumu inafunsanso.

Ndaziona anatsegula pakamwa, koma a Zomwezo anamudula. "Ulemu, Mbuyanga. Mkuwa umapatuka mwaulemu." Ndaziona anatseka pakamwa. Anaganiza za Mwatitha n'kumeza chimene ankadziwa. Koma panali kanthu kamodzi kamene udokotala wake unakana kukameza.

"Mbuyanga, pepani. Zimene mwaonazi ndaziyerekezera m'malo opanda mpweya. Chiboliboli chikakhala panja, pamphepo ndi padzuwa. Mpweya ukakhudza tinjereti, zinthu zikhoza kusintha."

"Mpweya?" Mfumu inadabwa ndithu. "Mayi, simunamve mlengezi? Mpweya ndi wanga. Uchita zimene ndanena."

Nduna zinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndaziona anavekedwa mendulo, anatchedwa Mayi wa Sayansi ya Dziko, ndipo anabwerera kumsika bulangete lake lili m'khwapa. Anamukumbatira Mwatitha mpaka mwanayo anadandaula.

"Ndiye chimamukweza n'chiyani golideyo?" anafunsa a Nangondo atamva nkhani yonse. "Za ulemuzo kauzeni nkhuku."

Ndaziona anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Atomu wa golide ndi wamkulu thupi, ndipo sagwirana kwambiri ndi anzake. A mkuwa ndi ang'onoang'ono, amagwirana zolimba. Akagwirana m'katimo, wamkulu uja amasowa malo, ndiye amapezeka ali kunja."

"Oo," anatero a Nangondo, akukonza mulu wa tomato. "Ndiye sakwera ayi. Amachita kufinyidwa."

"Ine sindinatero."

"Inenso sindinamve. Komatu pamulu apa timaika pamwamba wonyezimira. Sindinauzepo munthu kuti ndiye wokoma."

Sabata yomweyo mawu a chaka anasintha. Zikwangwani za Tonse Tasakanikirana anazifafaniza n'kulembapo kuti Aliyense Pamalo Pake. Wailesi ya boma inafotokoza kuti mawu awiriwa ndi amodzi, kungoti achiwiriwa ndi a sayansi. Panatuluka lamulo loti nyumba ya munthu wamba isatalike kuposa phewa la chiboliboli, ndi lina loti a banja lachifumu akakwera basi azikhala pamipando, ena onse pansi, potsatira chilengedwe. Ana asukulu anaphunzitsidwa gule watsopano: ovala zofiira ankagwada n'kupanikizana, ovala zachikasu n'kuwakwera pamsana. Makolo ambiri anadabwa kuona kuti sukulu tsopano ikuphunzitsa zinthu zothandiza pa moyo.

Chiboliboli chinaimikidwa, chinapakidwa, ndipo chinawala moti mbuzi za pamsika zinkayenda chotsinzina. Chinali cha Mfumu itatambasula dzanja limodzi. Boma linati dzanjalo likupereka. Amsika sanatsutse, anangoti chikhatho chayang'ana kumwamba.

Kenaka kunabwera dzuwa la mwezi wa Okutobala, lija losungunula phula pamsewu. Chiboliboli chinatentha usana uliwonse, mphepo ikuchiwomba. Choyamba kuda inali mphuno. Kenaka masaya anachita dzimbiri lofiirira, chipumi n'kutsatira, mpaka Mfumu yonse inaoneka ngati poto wa pamakala. Ndaziona ankadutsapo tsiku ndi tsiku osakweza maso. Ankadziwa chimene chikuchitika.

Boma linayamba ndi kulengeza kuti chiboliboli chikadali chagolide. Anthu amene ankachiona chakuda anauzidwa kuti akapimitse maso, ndipo magalasi a maso angapo anamangidwa pamodzi ndi eni ake. Wogulitsa makala wina anapempha kuti achotsedwe pafupi ndi chibolibolicho, ati makasitomala akumufunsa mtengo wa thumba lalikululo. Koma tsiku lina Mfumu inadutsa pamsika pagalimoto, inatsitsa galasi, n'kulikwezanso msanga. Madzulo ake asilikali anafika ku ofesi ya Ndaziona n'kuimanga kompyuta unyolo, pa mlandu wonamiza Mfumu kuti golide amakhala pamwamba. Mwini wake anauzidwa kuti akaonekere kukhothi Lolemba.

Lamulungu anapita kwa a Pulofesa Kachingwe monga mwa masiku onse, atanyamula mbatata yootcha. Anawapeza akupukuta choyezera mvula chawo ndi mkono wa jekete.

"Chipinda chapafupichi chilibe munthu," anatero mkuluyo. "Muli ndi polumikizira magetsi, koma magetsiwo sanafikemo chimangireni nyumbayi. Kompyuta yako ikapuma bwino."

Ndaziona anayesa kuseka, koma m'malo mwake misozi inangotsika. "Aphunzitsi, ndili ndi mantha. Mwatitha wayamba kumene kunditchula. Ndikalowa muno adzakula akutchula a Nangondo. Ndikanene chiyani? Ndikanama, kompyuta yalakwa. Ndikanena zoona, yalakwabe."

"Mwana wanga, usakaname, usakanenenso zoona. Ine ndinalankhula kwambiri tsiku langa, ndinawafotokozera mpaka za mitambo. Iwe ukangoyatsa chipangizo, n'kukhala pansi."

Lolemba khothi linadzaza mpaka m'mawindo. Mfumu inabwera yokha kudzaonera, inakhala pampando wake wofiira kumbali, mlengezi ali chiimire kumbuyo kwake. Woweruza anali a Jaji Chinkhuntha, nkhalamba yowonda imene sinasamalepo za chilungamo kapena za Mfumu, koma ndondomeko yokha. Ankadziwika kuti anaimitsapo mlandu wa sikelo ija kwa chaka chathunthu chifukwa sikeloyo inalowa m'khothi chafutambuyo. Kompyuta anaiika m'bokosi la oimbidwa mlandu, unyolo uli m'chiuno. Kunkatentha kwambiri, ndipo a Zomwezo analankhula nthawi yaitali za kusayamika kwa zipangizo za masiku ano, moti mlengezi anayamba kuwodzera choimirira.

"Woimbidwa mlandu ali ndi mawu?" anafunsa a Jaji.

Ndaziona anaimirira. Kumbuyo kwenikweni anaona a Nangondo, Mwatitha ali pamiyendo pawo akudya tomato. "Bwana Jaji, ikupempha kuti iyatsidwe."

"Ndondomeko ikulola."

Analumikiza kompyuta ku jenereta ya khothi n'kuonetsa chithunzi pakhoma. Kanjere kaja kanaoneka, kachikasu kunja konse, monga Mfumu inakaonera.

"Umu ndi m'malo opanda mpweya," anatero Ndaziona. "Tsopano ndikulowetsa mpweya." Anadina batani limodzi, n'kukhala pansi.

Timibulu tobiriwira, toimira mpweya, tinayamba kutera pa kanjereko. Golide sanatilabadire, natonso sitinamulabadire. Koma m'katimo mkuwa unayamba kutakataka. Kofiira kamodzi kanadzipanikiza pakati pa tachikasu tiwiri n'kutulukira kunja, kukagwirana ndi kobiriwira. Kena kanatsatira. Kenaka tinatuluka mbali zonse, tambirimbiri, tikukwera, tikugwirana ndi mpweya n'kuyala chikhungwa chakuda kunja konse. Golide anamira m'kati osaonekanso. Anthu a m'mawindo anaonera osaphethira, ndipo wina kumbuyo anapempha chapansipansi kuti abwereze.

A Jaji Chinkhuntha anavula magalasi, anawayang'ana mowakayikira, n'kuwavalanso.

"Mayi, pamene chipangizochi chinati golide amakhala pamwamba, munali mpweya?"

"Munalibe, Bwana."

"Munanena zimenezo?"

"Ndinanena, Bwana. Nduna zinaseka."

"Zalembedwa kuti zinaseka," anavomereza a Jaji atayang'ana m'mapepala awo. "Ndiye kuti chipangizochi sichinaname. Popanda mpweya golide ali pamwamba. Pali mpweya mkuwa ukukwera. Chimene chautsa mkuwa, n'kudetsa nkhope ya Mfumu pamaso pa anthu ogula ndi ogulitsa, ndi mpweya. Kompyuta imasulidwe. Khothi lino lapeza mpweya wolakwa, ndipo ukakhale ku Nyumba ya Mpumulo mpaka utalapa."

A Zomwezo anagwedeza mutu mokhutira, chifukwa wolakwa anali atapezeka ndipo sanali iwo. Ndaziona yekha ndiye anaona kumene nkhaniyo ikulowera. Anayang'anitsitsa zala zake.

"Monga mwa ndondomeko," anapitiriza a Jaji, "wolakwa apite ndi mlezi wake. Aimirire mwini mpweya."

Palibe anaimirira. Nduna zinayang'ana kudenga, asilikali anayang'ana nsapato zawo.

"Ndati," a Jaji anakweza mawu n'kumenya tebulo, "mwini mpweya!"

Mlengezi anadzidzimuka kutulo. Anamva mawu awiri amene anawafuula moyo wake wonse, ndipo anaganiza kuti wagona pakati pa ntchito. Anakoka mpweya womwewo wolakwawo n'kumaliza ndi mphamvu zake zonse: "Mwini Mthunzi wa Mitengo Yonse! Sindilakwa Wachiwiri!"

Miyendo ya Mfumu inaimirira.

Anthu anawomba m'manja, chifukwa ndiwo mwambo. Anawomba a m'mawindo, anawomba a panja, anawomba a Nangondo mpaka Mwatitha naye anayamba kuwomba. Akuluakulu a kumeneko amati chiyambire ufumuwo manja sanawombedwepo choncho. Mfumu inamwetulira kaye, n'kukweza dzanja. Kenaka inaona a Jaji akulemba, ndipo kumwetulirako kunauma pang'onopang'ono.

"Mwini wake waimirira," anatero a Jaji. "Aunyamule, apite nawo."

Apa m'pamene a Zomwezo anaonetsa chifukwa chimene amadyera unduna. Anadumpha n'kuima pakati pa khothi, thukuta lili kamukamu.

"Bwana Jaji, chigamulo chanu n'chanzeru. Koma mpweya sunganyamulike. Uli m'khothi muno, uli kumsika, uli ku Kumbanibe, uli m'mphuno mwa aliyense. Ngati wolakwa sangapite ku Nyumba ya Mpumulo, Nyumba ya Mpumulo ipite kwa wolakwa. Ndikupempha kuti mpanda wake ufutukuke mpaka m'malire a dziko. Mfumu yathu, mwa kudzichepetsa kwake, ilera mpweyawo ili kunyumba yachifumu."

A Jaji anatsegula buku lawo lalikulu, anafufuza, ndipo sanapezemo choletsa. Mfumu inati maganizo amenewo inali nawo kale. Nduna zinapukuta misozi.

Zinthu zinayenda mofulumira kuposa masiku onse. Alonda a pachipata chija anakwezedwa m'malole kupita kumalire, atanyamula maloko awo. Chipata chakalecho chinasiyidwa chotsegula, popeza tsopano chinali khomo chabe la chipinda china m'nyumba yomweyo. Lamulo loletsa ana analifafaniza masana omwewo, chifukwa Mfumu inali ndi ana ambiri ndipo kunalibe kowapititsa.

Ndaziona anatuluka m'khothi kompyuta ili m'manja, unyolo utachotsedwa. Sanathamange, ngakhale miyendo inkafuna. Atafika pamsika anapeza a Nangondo atabwerera kale pa benchi lawo, pansi pa chiboliboli chakuda chija. Anaika kompyuta pa mulu wa matumba, anatenga Mwatitha n'kumubereka, n'kumanga chitenje mfundo ziwiri. Mwanayo anamugwira khutu n'kunena kuti, "Amama." Ndaziona analira poyera, osabisa, amsika akumuona.

Chapatali anaona a Pulofesa Kachingwe akubwera pang'onopang'ono pakati pa mabenchi, jekete likuwakupiza, choyezera mvula chili m'khwapa. Ankaima pena ndi pena kuyang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana ngakhale wailesi inalengeza dzuwa.

Galimoto ya zokuzira mawu inalowa mumsika ikufuula. Inati anthu onse a ku Tilipamodzi adziwe kuti kuyambira lero dziko lonse ndi Nyumba ya Mpumulo, kuti zipata zakhomedwa kunja pofuna kuteteza mpweya, ndipo kuti palibe munthu amene wamangidwa.

A Nangondo anamvetsera mpaka galimotoyo inakhota. Kenaka anatenga tomato wonyezimira n'kumuika pamwamba pa mulu.

"Amake Mwatitha, akuti ayamba liti zimenezi?"

"Akuti lero."

"Oo," anatero a Nangondo. "Ine ndimayesa tinalowa kalekale."